Khoza la Amake Buli

Kilakarai, 14 Ogasiti 1994

Amake Buli,

Landirani moni wanga. Ine kuno ndadzuka, kaya inu ndi mwana kumeneko kwa alamu a Dulal. Mawu akuti "kwa alamu" ndawalemba mtima ukukana, chifukwa ndinakusiyani pakhomo panga.

Kalata ya alamu yandipeza Lachinayi. Akuti munaterereka pachitsime ndi mtsuko, khoza lanu loyera laukwati n'kusweka. Akuti amayi ataona zidutswazo anayamba kundilira ndili moyo, n'kukuuzani kuti mkazi amene khoza lamuswekera ndiye kuti mumtima anayamba kale kutola nkhuni zowotchera mtembo wa mwamuna wake. Amayi ndimawadziwa, ndi ondibereka, lilime lawo ndi chikwakwa. Koma inunso, amake Buli, kunyamula mwana ndi kabokosi tsiku lomwelo, osadikira ngakhale kuti mpunga upse?

Akuti simubwerera mpaka ine ndibwere kudzakuvekani khoza lina. Alamu, poti owerenga kalatayi ndinu, tamverani. Sitima yochoka kuno kukafika ku Bankura imadya masiku atatu, ndipo bwana wa shedi yotsukira zigoba sasungira munthu malo. Ukachoka Lolemba, Lachiwiri pamgolo wako wa asidi pali wina. Sindingabwere panopa. Ziliponso zina, koma si za m'kalata.

Komatu taganizani. Nkhono zoyera zija amasemera makoza a akazi akwathu zimachokera m'nyanja ino, pansi pa mphuno yanga penipeni! Nanga ndikugulireni la pamsika, loti akazi zana aliyesa kale pamkono? Ndikupezerani nkhono yanuyanu, wosema akadule pomwepo inu mukuona.

Zotola ndiye musandikayikire. Lamlungu lililonse ndimayenda m'mbali mwa nyanja kutola zigoba, ndadzaza kale chitini cha mabisiketi. Anzanga amandiseka, amati, "Iwe Nitai, masiku asanu ndi limodzi ukutsuka zigoba mu asidi, lopuma ukatolenso zina? Mutuwo uli bwino?" Asekeni. Kumchenga kulibe wondifunsa kanthu m'Chitamili, chilankhulo cha kuno, ndipo ndikawerama kutola ndimaiwala kuti ndili kutali.

Ndalama za mwezi uno ndatumiza kwa inu. Buli mumugulire sileti. Wina akawauze amayi kuti mbuzi isagulitsidwe.

Ine mwamuna wanu,
Nitai

Kilakarai, 11 Seputembala 1994

Amake Buli,

Moni. Ndili bwino, chimfine chokha, kaya inu.

Ndaipeza! Lero lomwe lino, madzi ataphwera. Ndinapita kutali kupitirira pamene asodzi amayanika maukonde, ndikutola tizigoba tija ta mawanga ngati nkhanga, ndiye phazi langa gu! Kufukula, ndi nkhono yoyera, yaikulu kudzaza manja awiri, yoyera mbee ngati ufa wa mpunga. Mkati mulibe kanthu, nyanja inatsuka kale, siinunkha n'komwe. Ndinakhala pansi pamchenga n'kuseka ndekha ngati wamisala. Ndinati milungu yandimvera chisoni.

Pobwerera ndinadutsa mkulu wina, a Naina, mmodzi wa anthu omira pansi pa nyanja kukatola nkhono. Anali kusoka chingwe. Ataona chimene ndanyamula anandikodola, n'kuyamba kupukusa mutu ndi kugwedeza dzanja, mawu ali mbwee. Chitamili changa ndi cha "madzi," "mpunga," "bwera," basi. Ine ndinangoti mkuluyu akufuna andichenjerere, aigule motchipa. Ndinaibisa m'malaya, ine uyo.

Ndaikulunga m'nsalu ziwiri ndipo ndapatsira munthu amene akuperekeza matumba a bwana ku Kalikata, akaiponya papositi kumeneko. Ikafika mupite nayo kwa wosema makoza ku Bishnupur, alamu akuperekezeni. Itulutsa makoza awiri abwino, mwinanso kamphete ka Buli. Mukavala mubwerere kwathu. Amayi ndawalembera padera, ndawalankhula mawu amene sindinawalankhulepo chibadwire.

M'phukusimo muli tizigoba khumi ta Buli. Kamene kali ngati khutu aike pakhutu pake amve nyanja. Asaike m'kamwa, ndikumudziwa.

Chakudya cha kuno sindinachizolowerebe. Ndiwo iliyonse bwemba, nsomba bwemba, biringanya bwemba, tsiku lina adzathira bwemba mu tiyi. Ndimalota mafuta a mpiru pa mbatata yopota, mmene mumachitira muja, ndi tsabola wamuwisi pambali. M'chipinda timagona anthu asanu ndi anayi, koma wonena chilankhulo chathu ndine ndekha. Nthawi zina ndimalankhula ndi chitini cha zigoba kuti pakamwa pasachite dzimbiri.

Za chikondwerero cha mulungu wathu Durga musandiyembekezere. Magolovesi a kushedi akung'ambika msanga masiku ano, koma ntchito ikuyenda.

Ine,
Nitai

Kilakarai, 23 Okotobala 1994

Amake Buli,

Moni. Thupi lili bwino. Mtima ndiye ayi, ndisaname.

Kalata ya alamu ndaiwerenga katatu, ndipo katatu konse makutu anga anatentha. Akuti wosema makoza anaitenga nkhono ija, kuigogoda ndi chikhadabo, kuiyang'anitsa padzuwa, n'kufunsa kuti, "Wakutumizirani mtembowu ndani?" Akuti inafa yokha kalekale, tizilombo tinaiboola timabowo tosaoneka, ndipo nkhono yofa yokha saivekera mkazi wa mwamuna wamoyo. Akuti alamu anakakamira kuti aicheke basi, sowo itangoluma, nkhonoyo phwa! ngati chigoba cha dzira, anthu a pamsika akuona. Ndipo inu munali pomwepo, mkono mutatambasula kale.

Amake Buli, zimenezo ndiye zandipweteka kuposa zonse. Manyazi amenewo ndakuvekani ndine.

Koma alamu, inunso musachite kunyanya. Mwalemba kuti ndinachita dala, kuti ndinafuna kuuza mlongo wanu kuti ukwati unafa. Ine? Munthu wobadwira ku dothi lofiira, amene madzi aakulu amene ndinkawadziwa ndi dziwe losambiramo njati zoweta, ndikanadziwira kuti zoti nkhono ili ndi yamoyo ndi yakufa? Inuyo munkadziwa? Munayamba mwaionapo nyanja, kapena pa kalendala pokha? Ine ndinaona yoyera, yaikulu, yosanunkha, ndinati yabwino ndi imeneyi. Kani yabwino ndi yonunkhayo! Safunsa adadya phula, ndadya ine, ndavomera. Mkulu uja a Naina ankandichenjeza, ine n'kuwathawa ngati wakuba.

Ndamva kuti amayi nkhaniyi yawafika, ndipo akuti kawiri konse si ngozi. Musawamvere. Nditumiza ina, yamoyo, yochoka pansi pa nyanja. Mundipatse nthawi pang'ono.

Chikondwerero chadutsa osamva ng'oma ngakhale imodzi. Kuno sachidziwa. Tsiku lomiza fano la Durga m'madzi ndinagwira ntchito mpaka madzulo, kenako ndinakakhala kumchenga. Ndinkaganiza za Buli ataberekedwa paphewa la munthu wina kuti aone bwino. Chovala chatsopano munamugulira? Ndalama ndinatumiza nthawi yabwino.

Alamu, kalatayi muwerenge yonse, osadumpha. Ndipo ulendo uno mulembe mawu a mlongo wanu, anu ndawamva okwanira.

Ine,
Nitai

Kilakarai, 4 Disembala 1994

Amake Buli,

Moni. Ndili moyo, kaya inu. Milungu isanu ndi umodzi popanda yankho. Lachinayi lililonse ndimaima pakhomo la ofesi ya bwana ngati galu wodikira fupa, kalaliki n'kungopukusa mutu.

Ndinapita kwa a Naina kukapepesa. Ndi munthu wakuda, wamfupi, chifuwa ngati mgolo, makutu anagontha theka chifukwa cha kumira. Anagwirapo ntchito pa doko la Bombay, ndiye Chihindi chawo chothyokathyoka ndi changa chothyokathyoka zimakumana pakati. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mwana wa kumtunda," anatero, "zimene nyanja yalavula pamchenga ndi zinyalala zake. Zabwino siipereka, umachita kukailanda. Ukafuna nkhuku ya alendo umakatola yofera kuseri kwa khola?"

Ndinati, "Bambo, ndigulitseni imodzi yamoyo."

"Zamoyo zili ndi eni ake tisanamire n'komwe. Zimalowa m'matumba a amalonda, thumba n'kusokedwa. Imodzi sagulitsa."

"Ndiye ukwati wanga uthe?"

Anasiya kuseka. Kenako anati womira aliyense amaloledwa nkhono imodzi yakeyake pa nyengo, ya ukwati wa mwana kapena ya wodwala, bola a m'bwato onse avomere. Koma sangavomere kupatsa munthu amene sanakwerepo bwato lawo. "Ubwere udzagwire chingwe changa tsiku limodzi. Umasambira?" Ndinati ayi. Anati, "Zili bwino, osasambira ndiye amagwiritsa chingwe zolimba."

Tsopano tikudikira mphepo. Nyanja yavunduka, madzi ali bii, pansi sipaoneka. Akuti mwina mwezi wamawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amake Buli, dekhani nane.

Kutola sindinasiye, ngakhale ndadziwa tsopano kuti chitini changa ndi cha zinyalala za nyanja. Lero ndatola kofiirira ngati chikhadabo cha khanda, ndi kena kopota ngati nyanga ya mbuzi. Ndimazindandalika pamphasa, zazikulu uku, zazing'ono uku, kenako n'kuzibwezera. Palibe woti ndimuonetse.

Mpunga wa m'munda mwathu wakolola ndani? Amayi sangathe okha. Kukuzizira tsopano kumeneko, Buli azivala juzi ngakhale alire. Kushedi andichotsa pamgolo wa asidi, andiika kosankha zigoba. Malipiro atsika pang'ono. Chifukwa chake ndidzanena.

Ine,
Nitai

Kilakarai, 15 Januwale 1995

Amake Buli,

Moni kwa inu ndi mwana. Sindikudziwa ngati makalata anga akukupezani, koma ndilembabe.

Ndili nayo. Lamlungu lathali tinalowa m'nyanja dzuwa likutuluka, amuna khumi ndi awiri m'bwato limodzi. Mtunda utasowa ndinasanza zonse, ndi za dzana zomwe, iwo akuseka kuti mlimi akudyetsa nsomba. Tsono a Naina anavula malaya, kunong'ona pemphero lawo, kundipatsa chingwe, n'kuti, "Ndikakoka kawiri, ukoke ngati ukukoka mkazi wako." Thibu! Munthu uja zii.

Amake Buli, sindinadziwe kuti mpweya umodzi ungatalike chonchi. Ndinawerenga mpaka makumi asanu ndi limodzi, kulibe. Ndinati ndapha bambo wa eni. Kenako chingwe chinagwedezeka, ndinakoka ndi mkono ndi mano omwe. Anamira choncho mpaka dzuwa paliwombo. Pomaliza anatenga imodzi m'kathumba kawo, kuionetsa a m'bwato mmodzimmodzi, onse n'kugwedeza mutu, ndipo anandiponyera pamiyendo. Yonyansa! Yabulauni, yaubweya, ya ndere, yolemera ngati mwala, kanyama kakubwerera mkati. Ndikanaipeza pamchenga ndikanailambalala. Ndaikwirira kuseri kwa shedi kuti nyamayo iwole, akuti milungu itatu. Fungo lake agalu akuchita kusonkhana.

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikubisa, poti a Naina anachiona pa chingwe n'kundikalipira. Chaka chatha mwezi wa Juni golovesi linang'ambika dzanja lili mumgolo. Zala zitatu za kumanzere zinapsa, zinapola zitapindika, sizitambasukanso. Chikwakwa ndingagwire, koma mtolo wa mpunga sindingaufumbate. Sitima ndi bwana zinali zoona, koma chachikulu chinali ichi. Ndinachoka kwathu ndi manja awiri, ndikulonjeza denga la malata. Ndinkaopa kutsika basi ndi dzanja la nkhanu, anthu a pa sitolo ya tiyi akuyang'ana, inu mukuyang'ana. Ndinkati ndiyambe ndapeza kanthu kooneka.

A Naina anati, "Chitsiru iwe. Ine makutu anafa, mkazi wanga amangokuwa kwambiri, basi."

Alamu, sekani ngati mukufuna, koma muwerenge ndimeyi mokweza. Nkhono ikayera nditumiza.

Ine,
Nitai

Kilakarai, 12 Febuluwale 1995

Amake Buli,

Moni, koma lero za moni zichepe. Kalata yanu ndailandira dzulo. Yanu yeniyeni, imene anakulemberani aphunzitsi aakazi aja a kusukulu ya Buli. Pamwamba palembedwa 18 Disembala. Milungu isanu ndi itatu! Inagwera kuseri kwa kabati mu ofesi, anaipeza posesa. Kalaliki anandipatsa akuseka, ati pepa. Ndikanakhala ndi manja awiri abwino sindikudziwa chimene chikanachitika.

Ndaiwerenga mpaka ndailoweza. Mwati: "Abambo a Buli, khoza sindinaswe dala. Koma litasweka ndinakondwera, Mulungu andikhululukire, ndinati tsopano abwera. Inu munatumiza nkhono. Ndikumva kuti mukusaka ina. Kodi ine ndinakwatiwa ndi nkhono? Pamsika pali makoza apulasitiki, mukanabwera n'kundiveka amenewo ndikananyamula kabokosi tsiku lomwelo."

Amake Buli, ndinakhala pansi pa masitepe a ofesi. Miyezi isanu ndi umodzi ndakhala ndikuyang'ana pansi, pamchenga, pansi pa nyanja. Alamu analemba poyera m'kalata yoyamba kuti ndibwere. Ine ndinawerenga khoza, mawu akuti kubwera ndinawalumpha dala.

Mwatinso akazi a alamu ayamba kuwerenga nthongo za mpunga zimene inu ndi Buli mukudya, ndipo kuli banja ku Asansol lofuna wantchito wa m'nyumba. Mwati mukaona mwezi wa Magha, wa pa kalendala yakwathu, watha ine osaoneka, mupita. Magha akutha lero kapena mawa. Ndathamangira kupositi kuti nditumize telegalamu, n'kupeza kotseka, lero Lamlungu.

Musapite. Chonde musapite. Bwana ndamuuza kale, wati malo anga apatsa wina, ndati apatseni ndi magolovesi omwe. Sitima ndikwera mawa m'mawa. Nkhono ndafukula, yayera, ndaitsuka ndekha popanda asidi. A Naina andipatsa nsomba zouma za panjira, ati ndisakaime pachipata ngati mlendo, ndikalowe.

Chitini cha zigoba chikulemera, ndasankhamo zochepa, zotsalazo ndakabweza kumchenga.

Mwina ndifika kalatayi isanafike. Ndikuiponyabe.

Ine,
Nitai

Kendua, 26 Febuluwale 1995

Amake Buli,

Moni wochokera kwathu. Ine ndili bwino, Buli ali bwino, amayi akudandaula mawondo. Kaya inu kumeneko ku Asansol. Sindikudziwa amene akuwerengereni kalatayi. Ngati ndi mayi a nyumbayo, mayi, pepani pokutayitsani nthawi, ndine mwamuna wake.

Ndinafika kwa alamu Lachinayi pa 16, chikwama chili paphewa, osayamba ndafika kwathu. Ndinapeza alamu akudulira ng'ombe udzu. Sanaimirire. Anati, "Mwafika, a kunyanja? Ananyamuka Lolemba. Anadikira pa msewu mabasi atatu, wachinayi anakwera." Ndinafunsa chifukwa chake sanakuletseni. Anati, "Ndimuletse ndi chiyani, ndi makalata anu?" Kenako anaona dzanja langa, n'kuitanitsa madzi akumwa. Sindinawayankhe chipongwe.

Buli anabisala kuseri kwa nkhokwe. Anafunsa akazi a alamu kuti, "Amenewa ndi aja a zigoba?" Watalika, mano awiri akutsogolo kulibe, inu simunandiuze. Ndamutenga, tili kwathu. Masiku awiri oyamba sanandilankhule. Tsopano amandigwira zala zopindikazi n'kumayesa kuziwongola, akuti mwina sindikulimbikira.

Amayi sanapepese, mukuwadziwa. Koma ndinapeza mphasa yanu ataikulunga bwino n'kuipachika, ndi mtsuko watsopano umene salola munthu kuukhudza. Dzulo anafunsa okha ngati kumeneko amakupatsani chofunda.

Nkhono ndinapita nayo ku Bishnupur kwa wosema yemwe uja. Anaigogoda, inalira ngati belu. Anati, "Iyi ndiye nkhono. Nanga mkono uli kuti?" Ndinati uli ku Asansol, angodula, kukula kwake ndikukudziwa. Ndinamuonetsa ndi zala. Anakana. Ati khoza sasemera mkono wa m'mutu mwa munthu, pakatha zaka ziwiri ndi theka mkono umasintha, likakula limavuka, likachepa limaswekera povala. Ndinabwerera nayo yosadula.

Alamu akuti munalonjeza banjalo chaka chathunthu, ndipo simuli munthu wobweza mawu. Sindikuuzani kuti thawani. Ndilibe pakamwa ponenera zimenezo. Munda ndiulima, woti andimangire mitolo ndimupeza. Nyumbayi ndi yaikulu mopusa popanda inu. M'mawa ndimamva wina akutunga pachitsime, ndimatukula mutu, ndi mkazi wa eni. Inu munakhala choncho zaka ziwiri ndi theka, ine sabata imodzi yokha yandikwana.

Ku Asansol ndi maola anayi okha pa basi. Funsani tsiku limene angakuloleni kutuluka, ngakhale theka la tsiku, ngakhale kungoima pachipata. Mukapeza wokulemberani, lembani tsikulo basi, zina tidzakamba pamaso. Sinditumiza kanthu papositi. Ndibwera ndekha, ndi Buli.

Ine mwamuna wanu,
Nitai